Bulangete pa Sikelo ndi Liwu Limodzi la Alamu

Ine ndi alamu anga sitinayambe talankhulanapo mwaulemu. Anakwatira akulu anga ine ndili sitandade sikisi, ndipo kuyambira tsiku la chinkhoswe ankanditchula kuti mkazi wawo wamng'ono wolongolola, ine n'kumawabwezera kuti akulu anga anatola mwamuna wotsala. Chilamu kwathu chimatero. Ndiye mukamva ndikuwatama m'nkhani ino, dziwani kuti sizikundituluka mophweka.

Anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nathenje, munthu wojintcha, wa mphumu, wa choko m'matumba onse. Ine ndinali wa zaumoyo m'midzi ya kumbali ya Mitundu: katemera, kuyendera zimbudzi, kuthira mankhwala m'zitsime, ndiponso sikelo ya ana mwezi ndi mwezi. Zinali zaka zija tinali titazolowera kuvota, amayi akuberekera ana pa zitenje za zipani zosiyanasiyana popanda woopa mnzake, mafoni a m'manja atangoyamba kulowa m'matumba a anthu wamba ngati ife.

Sikelo ndiyo inkandidwalitsa mutu. Tinkaipachika pa nthambi ya mango, chinthu chozungulira ngati wotchi, cha ngowe kunsi. Mwana timamulowetsa mu kabudula wansalu wa zingwe, n'kumukoloweka pa ngowepo. Mwana akulira, akuponda mphepo, muvi ukunjenjemera, iwe uwerenge, uchotsere kulemera kwa kabudula, uyerekeze ndi mwezi watha, ulembe pa khadi, kumbuyoku amayi enanso makumi asanu akukufulumiza kuti akufuna akafike kudimba. Ine ndi masamu sitinagwirizanepo. Ndinkachita kufufuta pa makadi mpaka pepala kubooka.

Tsiku lina ndili kwawo ndinadandaula za zimenezi, ndipo alamu anangoti, "Inu mlamu, vuto lanu ndi loti munathawa kalasi yanga. Koma dikirani, ndikupangirani kanthu."

Sukulu yawo inali italandira makompyuta akale angapo, ndipo iwo anapeza chibuku chachikulu chojambulitsa pa makina, cha chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Java, masamba ena osaoneka n'komwe. Palibe anawaphunzitsa. Ana akaweruka, iwo ankatsalira m'kachipinda kaja mpaka dzuwa kupendeka, chala pa buku, chala pa mabatani. Akakakamira penapake ankalemba mafunso pa kapepala, Loweruka n'kukwera minibasi kupita m'tauni kukafufuza pa intaneti. Akulu anga ankati apeza mkazi wachiwiri wa galasi kumaso. Patatha miyezi isanu anandiitana, anatenga foni yanga, anailumikiza ku kompyuta ndi kachingwe, n'kundibwezera ili ndi pulogalamu ya sikelo m'kati.

Abale, kanali kanthu kokoma! Ndinkangosankha dzina la mwana, n'kulemba nambala imene muvi waloza, n'kudina kuti isunge. Basi, wotsatira. Tikamaliza onse ndinkakhala pa benchi, makadi pamiyendo, foni n'kumandionetsa mwana aliyense, kulemera kwake kabudula atachotsedwa kale, ndi liwu pambali pake: wakwera, kapena watsika. Ine kwanga kunali kukopera pa khadi ndi kuitana mayi wa mwana amene watsika. Anzanga a ntchito ankachita kubwera kudzaonerera, ndipo ine ndinkayenda mapewa m'mwamba ngati ndapanga ndine.

Alamu, pokhala mphunzitsi, sakanandipatsa chinthu osandiphunzitsa. Anandikhazika pa mpando wa ana asukulu kutsogolo kwa kompyuta, n'kundionetsa mizere ya zilembo imene analemba.

"Apa ndalemba kamodzi kokha kuti mwana ndi chiyani," anatero. "Ali ndi dzina, tsiku lobadwa, kulemera kwa mwezi watha, kulemera kwa lero. Mukalowetsa mwana watsopano, foni imamupatsa zakezake. Zili ngati makope m'kalasi. Aliyense ali ndi lake, ndipo wina akafufuta mwake, mwa mnzake simusintha."

"Nanga kaliwu aka kakubwerezabwereza aka?" ndinafunsa, ndikuloza pagalasi.

"Ameneyo ndi static. Chimene ndachiyika liwu limeneli kutsogolo sichikhala m'kope la munthu, chimakhala pa bolodi. Bolodi ndi limodzi, onse amawerenga pomwepo. Ndikafufuta pa bolodi n'kulemba china, chasintha kwa kalasi yonse nthawi imodzi."

Pa bolodi lawolo anaikapo zinthu zinayi. Dzina la mudzi umene tikuyeza tsikulo, kuti ndisamalilembe kwa mwana aliyense. Chiwerengero cha ana amene tayeza, chimene chinkakwera chokha. Kabodza ka sikelo yanga, chifukwa muvi wake sunkabwerera bwinobwino pa ziro. Ndiye chachinayi, kulemera kwa kabudula, magalamu 100.

"Kabudula ndi mmodzi, eti?" anandifunsa.

"Mmodzi yemweyo, mpaka adzang'ambike."

"Ndiye wa pa bolodi ameneyo. Akadzang'ambika n'kusoka wina, mudzangosintha nambala pamalo amodzi."

Ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pa minibasi yobwerera. Funso anafunsa bwino, yankho ndinapereka ndine, ndipo kwa miyezi inayi zonse zinayenda bwinobwino.

Ndiye kunabwera Lachitatu lina la mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, mphepo ikuchita kulowa m'mafupa. Tinali pa mudzi wina kuseri kwa Mitundu, kupitirira madimba. Pakati pa mzere panali mtsikana wa mwana woyamba, khanda la miyezi iwiri, atalikulunga mu bulangete, chitenje pamwamba, chipewa choluka chofika m'maso. Nditamutambasulira kabudula anabwerera m'mbuyo.

"Ameneyo ayi, adokotala. Mwanayu sanatengedwe."

Ndinadziwa chimene ankanena. M'mabanja osunga mwambo, khanda limene makolo ake sanalitengere kumphasa amati ndi lozizira, ndipo anthu ogona m'banja ndi otentha. Wotentha akaligwira, kapena likavala nsalu imene yadutsa m'manja mwa anthu otere, amati litsemphedwa, liyamba kuwonda ndi kutupa. Kabudula wanga anali atadutsa m'manja mwa mudzi wonse. Amayi ambiri masiku amenewo ankangolola, koma uyu anali wa kubanja kosagonja.

Ndinapsa mtima, sindibisa. "Iwe, ana onsewa alowa momwemu, watsemphedwa ndani? Ukufuna tigone pano?"

Anangomufungatira mwanayo. Amayi a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Ndiye ndinati chabwino, amange yekha mfundo pa chitenje chake, amukoloweke yekha ndi bulangete lomwelo. Anatero. Muvi unaima pa makilo anayi ndendende. Kenako anamulowetsa mwanayo m'juzi lake, n'kukoloweka nsalu zokhazokha, ndipo zinalemera magalamu 700. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Ndinalowa pamene alamu anandionetsa, ndinachotsa 100 uja n'kulemba 700, ndinalemba makilo anayi a mwana, n'kusunga. Mwana wotsatira atafika ndinabwezera 100, ntchito n'kupitirira.

Pomaliza, pa benchi paja, foni inati khanda lija lili ndi makilo atatu ndi magalamu 900. Pa khadi lake, mwezi wapitawo kuchipatala analemba atatu ndi 600. Pambali panalembedwa kuti wakwera. Ndinakopera, ndinajambula kadontho kokwera pa mzere, n'kumupatsa mtsikanayo khadi.

"Wanenepa mwana wako. Pitiriza kuyamwitsa, ndipo mwezi wamawa usadzandivutitsenso."

Anayang'ana khadi, anayang'ana ine, ngati akufuna kunena kanthu. Ine ndinali nditaitana kale dzina lina.

Loweruka lake ndinapita ku Nathenje kukaona akulu anga, amene anali atangochira malungo. Tinakhala pakhonde chakumasana tikusenda mbatata yowotcha, alamu akuchonga makope a ana pa tebulo laling'ono. Ine pofuna kuseketsa anthu ndinayamba kusimba za mtsikana wokana kabudula, ndikumuyeserera mawu ake, ndikudzitama mmene ndinachitira nzeru ndi nambala ija. Akulu anga anaseka. Alamu sanaseke. Bolopeni inaima m'mwamba.

"Mwati munasintha kukhala 700, kenako munabwezera 100?"

"Eya. Mumayesa ndine mbuli?"

"Makadi munalemba nthawi yomweyo, kapena pomaliza?"

"Pomaliza, ngati masiku onse."

"Patseni foni."

Sananditchule mkazi wolongolola, sananditchule chilichonse, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kuopa. Ana a Lachitatu anali akadali m'fonimo. Anasintha nambala ya kabudula kukhala 700, n'kundionetsa mndandanda. Mayo ine! Mudzi wonse unali utatsika. Watsika, watsika, watsika, ana onenepa amene ndinkawadziwa, onse. Anabwezera 100, onse anakweranso.

"Mukuona? Foni sisunga kulemera kochotsera kale. Imasunga zimene muvi unaloza, ndipo mukafuna kuona imapita pa bolodi kukatenga nambala ya nsalu imene ilipo nthawi imeneyo. Inu munalemba 700 pa bolodi, kenako munafufuta. Pofika pa benchi, khandalo linachotseredwa 100 ngati anzake onse." Analemba ndi bolopeni yofiira pachikuto cha kope la mwana wina. "Makilo anayi kuchotsa 700. Atatu ndi 300. Mwezi watha anali atatu ndi 600. Mlamu, mwana uja sanakwere. Watsika, ndipo watsika kwambiri. Chimene munamuuza mayi wake kuti wanenepa ndi bulangete."

Khanda la miyezi iwiri likataya magalamu 300 si nkhani yodikira sikelo ya mwezi wamawa. Limenelo ndi lotumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo panali patapita masiku atatu, mayi wake ali ndi khadi lonena kuti zonse zili bwino, lolembedwa ndi dzanja langa.

Pakamwa panga panathamangira kumene pamathamangira nthawi zonse. "Ndi mtsikana uja! Akanangolola kabudula ngati anzake, zonsezi bwenzi kulibe. Miyambo yawoyi itiphetsa ana!"

"Ayi," anatero alamu, akuvala nsapato. "Iye anachita zimene amachita kwawo. Inunso munachita bwino kuyeza nsalu payokha. Wolakwa ndine. Ndinaika pa bolodi chinthu cha m'kope. Ndinafunsa ngati kabudula ndi mmodzi, osafunsa ngati ana onse amalowamo. Ndakulira m'midzi yomweyi, ana anga omwe anatengedwa kumphasa, ndiye ndinaiwala bwanji?"

"Ndiye mukonze pulogalamuyo."

"Kukonza ndi kufufuta liwu limodzi, ndidzachita Lolemba. Panopa tiyeni kwa mwana."

Akulu anga anawakumbutsa za chifuwa, kuti kunja kuli fumbi ndi mphepo. Anati ine ndikhoza kupita ndekha mawa lake. Alamu anangotenga kopopera kawo ka mphumu n'kuika m'thumba la malaya. Anati mawa ndi Lamulungu, ndipo ine ndikapita ndekha ndikakalipa, anthuwo akatseka chitseko. Zinandiwawa chifukwa zinali zoona.

Kuchokera ku Nathenje kupita ku Mitundu pa minibasi umayamba walowa m'tauni, n'kukadikiranso ina kuti idzaze, ndipo tikanafika dzuwa litalowa. Tinatenga njinga, iwo yawo, ine ya akulu anga, n'kudutsa njira ya fumbi yodulira m'midzi. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Mphepo inkatiwomba kumaso, malole a fodya akutipitirira n'kutisiyira fumbi loti sungaone mnzako. Alamu anali kutsogolo, msana wonse utanyowa, chifuwa chikulira ngati khomo la dzimbiri. Kawiri konse anatsika, anawerama atagwira chishalo, anapopera mankhwala m'kamwa, n'kukweranso. Kachiwiriko ndinati, "Alamu, khalani pansi pa mtengo apa, mungandifere panjira, akulu anga ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti munandipha ndi pakamwa," anatero, mawu akutuluka theka. "Palasani."

Tinadzera kunyumba kwanga ku Mitundu kutenga sikelo, ndipo tinafika pamudzi paja dzuwa litapendeka, ng'ombe zikubwerera. Anatilozera nyumba ya kumapeto, pafupi ndi chigafa cha fodya. Bambo wa mwana, mnyamata wamtali wosalankhulalankhula, anali panja akukonza khasu. Atationa ndi sikelo Loweruka, nkhope inasintha. Anatiyalira mphasa, mkazi wake anatuluka ndi mwana, bulangete lomwe lija.

Ine ndinali nditakonza kale mawu anga panjira, oyamba ndi akuti mukanamvera. Alamu sanandipatse mpata. Atatha malonje anakhala chapatali ndithu, manja atawapinda kumbuyo kuti aliyense aone kuti sakhudza kanthu, n'kuyamba.

"Bambo, mayi, ine ndine mphunzitsi wa ku Nathenje. Makina amene adokotalawa amawerengera kulemera kwa ana ndinapanga ndine. Ndinalakwitsa popanga. Lachitatu anakuuzani kuti mwana wanenepa. Si zoona, makinawo anawerengera bulangete pamodzi ndi mwana. Adokotalawa sanalakwe, inunso simunalakwe pokana kabudula. Ndabwera kudzapepesa, komanso kudzapempha kuti timuyezenso."

Ndinayang'ana pansi. Mphunzitsi wa sekondale, munthu amene ana asukulu ankabisala akamuona pamsika, akupepesa kwa achinyamata oti akanakhala ophunzira ake. Kunena zoona ndinachita manyazi m'malo mwawo, ndipo kenako ndinachita manyazi ndi manyazi angawo.

Bambo uja anadzuka, anatenga sikelo m'manja mwanga, n'kukaipachika yekha pa mtanda wa chigafa. Mkazi wake anamanga mfundo, anakoloweka. Alamu anawapempha kuti awerenge okha muvi. Makilo atatu ndi 900. Nsalu zokha, 700 yemwe uja. Alamu anatola kamtengo n'kulemba pa dothi, manambala akuluakulu, mzere kunsi, monga pa bolodi la kusukulu. Atatu ndi 200. M'masiku atatu mwana anali atatayanso ena 100.

Ndinamupempha mayiyo kuti avule mwanayo chipewa ndimuone, ndili chapatali. Anachivula. Liwombo linali litalowa, timasaya tatha, khungu la pakhosi lili makwinya ngati la nkhalamba. Sankalira n'komwe, ankangotsegula kukamwa, ndipo m'kamwamo munali zoyera ngati mkaka wouma. Lachitatu lija mwana ameneyu anali patsogolo panga, kutalika kwa mkono umodzi, ndipo ine sindinamuyang'ane. Ndinayang'ana muvi, ndinayang'ana foni, ndinayang'ana mzere wa amayi.

"Akuyamwa?" ndinafunsa.

"Amagwira n'kusiya. Ndiye tikumamupatsa timadzi ta phala."

Bambo uja analankhula koyamba. "Wina wamutsempha mwanayu. Tsiku la sikelo lomwe lija panali anthu ambiri."

Ndinatsegula pakamwa, alamu anandiyang'ana kamodzi, ndinatseka.

"Za tsempho ine sindingakutsutseni, bambo, si za kusukulu kwanga," anatero. "Zimenezo mukambirana ndi akuluakulu, ndipo palibe akuletseni. Chimene ndikudziwa ndi ichi chili pa dothichi. Mwana akutha, ndipo akutha msanga. M'kamwamo muli zilonda, n'chifukwa chake akulephera kuyamwa, ndipo zimenezo kuchipatala amachiza. Tiyeni lero, kusanade. Mayi amunyamula yekha, ife sitimukhudza."

"Anamwino amugwira," anatero bamboyo.

"Amugwira, inde. Sindikunamizani. Ndakunamizani kale kamodzi."

Mnyamatayo anayang'ana manambala a pa dothi aja, anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anali atayamba kale kumanga chitenje. Mwamunayo analowa m'nyumba, anatulutsa njinga, anapukuta keliyala ndi malaya ake. Tinayenda tonse, mayi ndi mwana pa njinga ya mwamuna wake, ife kumbuyo. Pa chipatala anamwino atangomuona mwanayo sanatiyike pa mzere. Anamugoneka tsiku lomwelo.

Alamu anagona kwanga, chifuwa chitawagwira kotero kuti m'mawa mwake ndinawakweza minibasi, njinga yawo pamwamba. Lolemba ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kuwatsatira kusukulu. Anatsegula mizere ija, anapita pa mzere wa nsalu, anafufuta liwu lija static. Zilembo zisanu ndi chimodzi. Anakonzanso pang'ono kuti mwana aliyense azilowa ndi 100 wake m'kope lake, woti ndikhoza kumusintha osakhudza ena, ndiponso kuti foni izindionetsa kulemera nthawi yomweyo mwana akadali pa ngowe. Ine ndinati afufute liwulo paliponse pamene lili, lisadzatipwetekenso.

"Ayi, liwulo lilibe mlandu," anatero. "Mukalichotsa pa chiwerengero cha ana, mwana aliyense azidziwerenga yekha, ndipo foni izikuuzani kuti mwayeza mmodzi tsiku lonse. Zina ndi za pa bolodi ndithu. Tiyeni tizione chimodzichimodzi, koma ulendo uno muziganiza musanayankhe."

Ndiye tinakhala pamenepo ola lathunthu pa mizere itatu. Chiwerengero cha ana, cha onse, tinagwirizana. Kabodza ka sikelo, cha onse, koma anandifunsa katatu ngati sindibwerekako sikelo ya mnzanga pakati pa ntchito, ndipo analemba pa kapepala kuti tsiku limene ndidzayambe kutero ndidzawauze. Pa dzina la mudzi ndinati cha onse, kenako ndinakumbukira kuti amayi ena amabwera ndi ana kuchokera kumidzi yoyandikana akaphonya tsiku lawo. Alamu anawomba m'manja ngati mwana wakhoza mayeso, n'kuchitsitsa pa bolodi nachonso. Anandiuza kuti buku lawo limafotokoza bwino mmene liwulo limagwirira ntchito, koma silingawauze chimene chili cha onse pa mudzi wa ku Mitundu, ndipo ameneyo ndi ine woyenera kudziwa. Aka kanali koyamba alamu kundipatsa ulemu, ndipo sindinadziwe poyang'ana.

Anandiuzanso kuti apita okha kwa akuluakulu anga a ntchito kukafotokoza, kuti khadi lolakwika lija lisagwere pa ine. Ndinawaletsa, sanamve. Anapita, anafotokoza, ndipo anabwerako atauzidwa kuti foniyo izingothandiza, masamu ndizichitanso pamanja. Iwo anati ndi chilungamo chimenecho.

Mwanayo anachira, ndinene msanga mitima ikhale pansi. Anakhala m'chipatala pafupifupi milungu itatu, zilonda zinapola, anayambanso kuyamwa. Koma chimene chimandibwerera ine si tsiku lotuluka ayi. Ndi Loweruka lija, patatha sabata mwana atagonekedwa, pamene alamu anabweranso, ulendo uno pa minibasi, kuti tikamuone.

Tinapeza mayiyo atakhala pa bedi, mwana ali pa bere, akukoka pang'onopang'ono koma osasiya. Anamwino anatiuza kuti kwa masiku awiri otsatizana sikelo yakwera, pang'ono pokha. Alamu anaima kumapazi kwa bedi, chipewa m'manja, akumwetulira ngati chitsiru. Anayambanso kupepesa, ndipo mtsikanayo anawadula.

"Aphunzitsi, musapepesenso. Inu munabwera." Anakonza mutu wa mwana pa mkono. "Ine ndinkaona kuti mwanayu akutha. Ndimamusambitsa ndine. Tinagwirizana ndi bambo ake kuti ndikachoka kusikelo Lachitatu, Lachinayi m'mawa tibwera kuno, njinga anali atapopa kale. Ndiye nditafika ndi khadi ndinawauza kuti tisapite, adokotala ati wanenepa, makina awo aonetsa. Ndinati mwina ndi maso angawa, poti ndi mwana woyamba."

Sananene mokwiya. Ankangofotokoza, maso ali pa mwana.

Kumwetulira kwa alamu kunatha. Anafufuza pokhala, panalibe mpando, ndipo anakhala pansi pa simenti, munthu wamkulu ndi thupi lake lonse, pakati pa mabedi, amayi ena akuyang'ana. Anaphimba nkhope ndi chipewa. Ine ndinali nditaima pambali pawo, ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewo sanali awo okha. Mtsikana uja anandiyang'ana pa benchi paja akufuna kunena zimenezi, ndipo ine ndinaitana dzina lina.

"Mayi," anatero alamu patapita nthawi, mawu ali m'chipewa, "tsiku lina khadi likadzanena zina, maso anu n'kunena zina, mudzabwere kuno. Ngakhale khadilo litalembedwa ndi ndani."

"Ndamva, aphunzitsi."

Ine, wolongolola wa pabanja pathu, ndinagwada pambali pa bedi, ndinamupempha mtsikanayo kuti andikhululukire, ndipo anagwedeza mutu osasiya kuyamwitsa.